Kumanga kanyumba ka matabwa kutchire komwe kulibe magetsi a ZESCO

Nyumba ya matabwa kuno ku Chipata, ku Katete kapena kuchigwa cha Luangwa imawonongeka ndi zinthu zitatu: chiswe, madzi ndi moto. Sola, thanki ndi maonekedwe a khonde mungathe kukonza pambuyo pake, koma mukalakwitsa pa zitatuzi, pakatha zaka zochepa mudzapeza nsichi zadyeka mkati ndipo thabwa likubooka ndi chala. Malangizo awa ndi a kanyumba kopumuliramo ka mamita 6 mulitali ndi mamita 4 mulifupi, kokhala ndi khonde la mamita 2 kutsogolo, kokwanira anthu awiri kapena atatu. Miyeso yonse yawerengedwa pa kukula kumeneku, ndiye mukakulitsa nyumba muwerengenso.

Malo: muwaone kawiri musanakhome chikhomo

Malo ambiri akutchire kuno ali m'manja mwa mafumu. Njira imayambira kwa mfumu ya mudzi, imene idzakuperekezani kwa mfumu yaikulu ya deralo. Pangano la pakamwa silokwanira. Pemphani kalata, ndipo malire ayendedwe pamaso pa nduna ndi eni minda yoyandikana. Ngati mukufuna taitolo, lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo a mfumu kukhala a lizi yofika zaka 99, koma pamafunika kuvomereza kwa mfumu, kwa khonsolo, kenako kwa Unduna wa Malo. Zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Malo akakhala ku Mambwe m'dera la Lupande, kapena kwina kulikonse m'mphepete mwa paki ya South Luangwa, kambiranani ndi a Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire. Funsaninso a Forestry Department ngati malowo sali m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, pakuti m'menemo mfumu ilibe mphamvu yogawa.

Kaoneni malowo mu Febuluwale, mvula ili pachimake, ndiponso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Febuluwale adzakuonetsani kumene madzi amadutsa, pamene amaima, ndi ngati galimoto ingafike. Okutobala adzakuonetsani pamene pali mthunzi, chitsime chimene sichiphwa, ndi mbali imene moto wa m'tchire umadzera.

Sankhani pachitunda chotsetsereka pang'ono, osati pamwamba penipeni pa phiri pomwe mphepo ndi mphezi zimagunda, komanso osati m'mbali mwa dambo. Katondo ndi dothi labwino kumangapo. Makande, dothi lakuda lija lomwe limang'aluka m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja, limanyamula zipilala n'kuzipendeketsa. Ngati simungathe kulipewa, mudzakumbe maenje akuya. Musamange pafupi ndi chulu chamoyo, komabe musaganize kuti kutali ndi chulu kulibe chiswe, chifukwa mitundu ina imakhala pansi osaumba chulu. Kuchigwa, yang'anani ndowe ndi mapazi a njovu ndi mvuu, muchoke panjira yawo, ndipo musamange pansi pa mfula kapena mango, zipatso zake zimaitana njovu. Gombe la Luangwa limagumuka ndipo mtsinjewo umasuntha njira, ndiye khalani nalo patali.

Nyumba iyang'ane kuti

Chipata ali pang'ono kummwera kwa mzere wa pakati pa dziko, pa madigiri 13 ndi theka. Kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limapendekera kumpoto, ndipo mu Juni limatsika ndithu. Miyezi yotsalayo limakhala pamutu, chakummwera pang'ono. Chifukwa cha ichi, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi kum'mawa ndi kumadzulo. Khonde liikeni kumpoto. Khoma la kumadzulo ndilo limapsa ndi dzuwa la madzulo, motero lisakhale ndi zenera lalikulu, ndipo mitengo ya mbali imeneyo musaidule. Mazenera akuluakulu akhale moyang'anizana, kumpoto ndi kummwera, kuti mphepo izidutsa.

Dulani mitengo yokhayo imene ili pamalo pa nyumba, ndi ina iliyonse youma kapena yophweka imene ikagwa ingafike padenga. Zitsa zizulidwe ndi mizu yomwe. Chitsa chosiyidwa pansi pa nyumba ndi chakudya choyamba cha chiswe.

Matabwa

Apa ndiye pagona nkhani. Mlombwa, muwanga ndi tsanya ndi mitengo imene chiswe sichiigonjetsa msanga, koma imakula pang'onopang'ono ndipo yatha m'madera ambiri. Kugwetsa mitengo makumi angapo yotereyi kuti mumange nyumba yoti muzisangalalamo ndi tchire n'kudziwonongera chimene mwadzera. Ife timalangiza paini ndi bulugamu za m'minda yobzalidwa, monga za kampani ya ZAFFICO ku Copperbelt kapena za alimi amene ali ndi timinda tawo ta bulugamu. Mtengo wolimba muugwiritse ntchito pang'ono, pa masitepe, pa mafelemu ndi pakhomo. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo chodulira ndi china chonyamulira matabwa; wokugulitsani akuonetseni mapepala, apo ayi katundu adzalandidwa pamsewu. Mtengo wa mukula musaukhudze n'komwe. Wakhala pansi pa ziletso za boma kangapo, ndipo kuyambira 2019 uli pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire.

Paini ndi bulugamu zosathiridwa mankhwala sizichedwa kudyedwa. Gulani zolowetsedwa ndi makina mankhwala oteteza matabwa otchedwa CCA, zooneka zobiriwira. Zimakhala ndi magulu: H2 ndi ya mkati mouma, H3 ya panja koma osakhudza dothi, H4 yokwirira m'dothi. Matabwa a pansi, a khonde ndi a kunja kwa khoma akhale H3. Pogula, chekani chidutswa muone mkati. Ngati kubiriwira kuli pamwamba pokha ngati penti, thabwalo langoviikidwa, silinalowetsedwe. Pa polo wa bulugamu mankhwala salowa mumtima mwake, koma mkombero wakunja uyenera kubiriwira mozama ngati kukhuthala kwa chala. Mapolo akuda othiridwa mankhwala onga phula otchedwa creosote ndi olimba, koma fungo lake silitha, ndiye asalowe m'nyumba yogona. Oilo wakuda wa galimoto amene ambiri amapaka salowa mkati mwa thabwa, amaipitsa dothi ndi madzi, ndipo chiswe chimadutsa m'ming'alu.

Pali malamulo atatu pa matabwa a CCA. Paliponse pamene mwacheka kapena kuboola, pakani mankhwala otetezera matabwa kawiri, chifukwa mwatsegula malo osatetezeka. Misomali ndi mabawuti zikhale za galvanised, zokutidwa kuti zisachite dzimbiri, pakuti mankhwalawa ali ndi kopa amene amadyetsa dzimbiri chitsulo wamba. Ndipo zidutswa zotsala musazisonkhezere moto kapena kuwotchera nyama: utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni wa arsenic. Uzani amisiri ndi mlonda zimenezi tsiku loyamba, chifukwa zidutswa zouma bwino zimakopa aliyense wofuna kuphika.

Matabwa ambiri ogulitsidwa m'misika amakhala aawisi. Mukakhomera aawisi, pouma amanyala, amapindika, ndipo pakhoma pamatseguka mipata yolowa dzanja. Gulani mu Epulo kapena Meyi muumitse. Yalani pa mitanda yokwera masentimita 40 kuchoka pansi. Pakati pa mzere ndi mzere ikani timitengo touma tokhuthala masentimita 2.5, motalikana masentimita 60, tonse tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, chifukwa tikasemphana matabwa amauma ali okhota. Pamwamba vundikirani malata otsendereza ndi miyala, m'mbali musiye poyera. Paini wokhuthala inchi imodzi amauma m'masabata 6 mpaka 8 nyengo yachilimwe. Wa mainchi awiri amafuna kuwirikiza. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyezi, sankhani thabwa limodzi muziliyeza pasikelo sabata iliyonse. Likasiya kupepuka, lauma.

Zipilala: nyumba ikwere m'mwamba

Makolo athu ankaimika nkhokwe pamiyala kuti chinyezi ndi chiswe zisafike pa chimanga, ndipo nyumba ya matabwa imafuna nzeru yomweyo. Thabwa lililonse la nyumbayi likhale masentimita osachepera 60 kuchoka pansi, kuti mphepo izidutsa ndiponso kuti munthu athe kukwawa pansipo ndi tochi.

Khomani zikhomo mukoke zingwe za bwalo la mamita 6 kwa 6, kuphatikiza khonde. Ngodya ziyeseni ndi muyeso wa 3, 4, 5: mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, pakati pa mfundo ziwirizo papezeke mamita 5. Kenako yesani modutsa pakati kuchokera ngodya kufika ngodya; mbali zonse ziwiri zikhale mamita 8.49. Zikasiyana ndi sentimita imodzi yokha, konzani pompo, chifukwa cholakwa cha apa chimakaonekera pa malata.

Zipilala zikhale 16, mizere inayi ya zinayi, motalikana mamita 2. Dzenje lililonse likhale masentimita 60 mbali zonse ndi 60 kuya, kapena 90 pa makande. Pansi thirani konkire yokhuthala masentimita 20, yosakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje ndi inayi ya miyala yophwanya. Pamwamba pake mangani chipilala cha njerwa zootcha, masentimita 35 mbali zonse, ndipo pakati muimike bawuti ya mamilimita 12 yotulukira pamwamba. Matumba 12 mpaka 14 a simenti amakwana. Thirirani madzi masiku 7. Mitu ya zipilala ilingane: paipi yoonekera mkati yodzaza madzi imayesa bwino kuposa levulo yaifupi. Zipilala zipakeni pulasitala wosalala ndi laimu woyera kuti njira ya dothi ya chiswe izioneka msanga.

Pamutu pa chipilala chilichonse vekani chipewa cha lata losalala, lotulukira masentimita 5 mbali zonse, m'mphepete mopindira pansi. Pabowo la bawuti matani phula. Chipewachi sichipha chiswe. Ntchito yake n'kuchikakamiza kuumba njira yake poyera pomwe mungaione n'kuiphwanya. Anthu ambiri amachita zonsezi bwino kenako n'kulakwitsa pa masitepe: amakhomera thabwa lochokera m'dothi mpaka pakhonde, n'kupatsa chiswe mlatho. Masitepe akhale pa chipilala chawo chovala chipewa, kapena akhale a njerwa osiyana ndi khonde mpata wa masentimita 5. Chimodzimodzi mapaipi okwera kuchokera pansi: azioneka mbali zonse. Pansi pa nyumba yalani miyala ing'onoing'ono, ndipo musasungepo nkhuni, makatoni kapena matabwa otsala.

Pansi ndi makoma

Pamizere inayi ya zipilala gonekani mitanda, uliwonse wa matabwa awiri a 2x6 (mainchi 2 kwa 6) okhomeredwa pamodzi, olumikizira ake akhale pamwamba pa chipilala osati pakati pa mpata. Imangeni ndi mabawuti aja. Pamwamba pake pingasani ma 2x6 ena motalikana masentimita 40, mizere 16. Thabwa lililonse lili ndi msana wokhota pang'ono. Msanawo uyang'ane kumwamba kuti kulemera kuuwongole. Matabwa oponda akhale okhuthala inchi imodzi. M'kati athinane, koma pakhonde siyani mpata wa msomali pakati pawo kuti madzi azigwa, ndipo khondelo litsike sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera kunja.

Makoma akhomereni ali chigonere pansi kenako muwaimike. Nsichi zikhale 2x4 motalikana masentimita 60, zotalika mamita 2.7, pamodzi ndi za m'ngodya ndi za m'mbali mwa zitseko mudzafuna pafupifupi 50. Pamwamba ikani matabwa awiri opiringizana m'ngodya. Khoma lililonse likhale ndi chopingasa chochokera ngodya ya pansi kufika ngodya ya pamwamba, cha thabwa kapena cha lamba wachitsulo amene amisiri amati hoop iron. Popanda chimenechi nyumba imayamba kutsamira mbali imodzi ikakumana ndi mphepo ya mvula zoyamba, ndipo zitseko zimakana kutseka.

Kunja, njira yosavuta ndi ya matabwa oimirira a masentimita 20, osiyana sentimita imodzi, mpatawo n'kuutseka ndi kathabwa ka masentimita 5. Thabwa lalikulu likhomeni msomali pakati, ndipo msomali wa kathabwa udutse mumpata osagwira matabwa a m'mbali. Mukatero thabwa limatha kufufuma m'dzinja ndi kunyala m'chilimwe osang'aluka. Kunsi kwa matabwawa kupitirire pansi pa nyumba ndi masentimita 5, kochekedwa mopendeka kuti madzi azidontha. Vanishi panja sachedwa kusupuka ndi dzuwa la kuno. Pakani penti ya panja kapena mafuta a linseed, ndipo nsanza zonyowa ndi mafutawa muziyanike potambasula, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha.

Mazenera onse akhale ndi waya wotchinga udzudzu, ndi zitseko zake zamatabwa zotsekera usiku wa Juni ndi Julayi kukazizira.

Denga

Udzu umazizira bwino ndipo umakongola, koma umafuna denga lotsetsereka madigiri 45, umagwira moto ndi kambaliwali kamodzi, ndipo madzi ake samweka. Kutchire komwe moto umayaka chaka chilichonse ife timasankha malata. Gulani okhuthala mamilimita 0.4 kapena kuposa, a mtundu wowala. Opyapyala amabonyoka mukakwera kukapukuta mapanelo.

Msana wa denga uyende kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti mbali imodzi iyang'ane kumpoto. Litsetsereke madigiri 20, ndipo la khonde lisachepere 10. Mapaso akhale 2x6 motalikana masentimita 90, awiriawiri omangidwa ndi thabwa lopingasa kunsi kuti asakankhe makoma, pamwamba pake timitanda ta 2x3 tokhomerapo malata. Phaso lililonse limangidwe ku khoma ndi lamba wachitsulo, khoma limangidwe ku mitanda ya pansi, mitandayo ku zipilala. Mphepo ya Novembala ikalowa pansi pa khonde imanyamula denga m'mwamba, ndipo misomali yokha imazuka.

Denga litulukire masentimita 90 kupitirira makoma mbali zonse. Apa musaumire malata: khoma losanyowa ndi mvula limakhala zaka zambiri, ndipo madzi ogwa sadumphira pa matabwa. Pansi pa malata yalani pepala lonyezimira lobweza kutentha, mbali yowala iyang'ane mpata wa mpweya. Ikani siling'i, ndipo m'makoma a m'mbali pamwamba pake siyani mabowo otulutsa mpweya wotentha, otchingidwa ndi waya wa maso aang'ono kuti mileme ndi makoswe zisalowe. Malata amangeni ndi masikuluwu okhala ndi labala, pamsana wa lata osati mumgwere mwake. Zonsezi zithe Okutobala asanathe.

Magetsi a sola

Musayambe n'kugula panelo. Yambani n'kulemba zimene mudzayatse, mawati ake kuchulukitsa ndi maola pa tsiku:

Mababu 6 a LED a mawati 5, maola 5: 150
Mafoni ndi laputopu: 150
Mafani awiri a mawati 30, maola 6: 360
Firiji yaing'ono: 500
Pampu ya madzi: 100

Zonse pamodzi ndi 1,260 Wh (Wh ndi mawati ochulukitsidwa ndi maola). Onjezerani 30 pa 100 iliyonse ya mphamvu yotayika m'mawaya ndi m'makina, mufike pa 1,640 Wh. Kuno dzuwa ndi lambiri, koma werengerani Januwale wa mitambo, maola 4 okha a dzuwa lamphamvu. Mukagawa 1,640 ndi maola 4 aja mupeza mawati 410. Gulani mapanelo awiri a mawati 300 kuti batire izidzaza ngakhale tsiku la mvula. Batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4, ya 24V ndi 100Ah, imasunga pafupifupi 2,500 Wh, ndipo mungagwiritse 2,000 osaivulaza. Ya asidi imalola theka lokha, ndipo mukamaikhuthula usiku uliwonse imafa msanga. Ya galimoto ndiye siyenera n'komwe. Onjezerani chowongolera kudzaza kwa batire cha mtundu wa MPPT cha 30A, ndi inverter (makina osintha magetsi a batire kukhala onga a ZESCO) ya mawati 1,000 ya mtundu wa pure sine wave, chifukwa yotchipa yosakhala ya mtunduwu imatha kuwotcha mota ya firiji.

Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekera madigiri 15 mpaka 20, ndi mpata wa masentimita 10 pakati pawo ndi malata kuti asatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi pa ngodya ya panelo umagwetsa mphamvu kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi phulusa la lupsa zimakuta galasi, ndiye pukutani ndi madzi m'mawa sabata iliyonse. Kumene kuli anyani ndi apusi, mawaya onse a padenga alowe m'mapaipi.

M'nyumba ya matabwa waya wochepa ndi moto. Kuchokera ku mapanelo gwiritsani waya wa 6 mm², kuchokera ku batire kupita ku inverter wa 25 mm² wosapitirira mita imodzi ndi theka, ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire. Mawaya a m'makoma adutse m'mapaipi chifukwa makoswe amatafuna. Khomani ndodo ya kopa m'dothi, mulumikizeko mafelemu a mapanelo ndi malata, poteteza ku mphezi. Ketulo, ayironi ndi chitofu cha magetsi siziyenera pa sola yaing'ono chonchi.

Madzi

Dengali, kuwerengera ndi zotulukira zake, limakuta malo okwana pafupifupi masikweya mita 56. Chipata amalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, ndiye mutachotsa yotayika mungakolole malita 45,000. Vuto n'lakuti yonseyi imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Anthu awiri ogwiritsa malita 40 aliyense pa tsiku amamaliza thanki ya malita 5,000 m'miyezi iwiri. Ngati mumabwera kumapeto a sabata okha, thanki imodzi kapena ziwiri zikwana. Ngati mudzakhalitsa, pafunika chitsime kapena mjigo, wobooledwa ndi kampani ya laisensi ndi kulembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi.

Magatala, ngalande zolandira madzi m'mphepete mwa denga, atsike sentimita imodzi pa mamita awiri alionse. Madzi oyamba a mvula amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, choncho adutse kaye m'kadiramu ka malita 50 kokhala ndi pompi pansi. Kakadzaza ndi pamene oyera amapitirira ku thanki. Kakhuthuleni mvula ikatha. Polowera ndi potulukira pa thanki pakhale sefa yotchinga udzudzu. Thanki yodzaza ya malita 5,000 imalemera matani 5, ndiye ikhale pansi pa konkire yakeyake, osati pa nyumba. Kuti madzi azifika pa shawa, pampu ikweze masana kupita ku kathanki ka malita 500 kokwera mamita 4. Madzi osefukira apite m'ngalande kutali ndi zipilala. Akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Chimbudzi, bafa ndi khitchini

Zitatuzi zikhale kunja kwa nyumba ya matabwa. Bafa la mkati limanyowetsa matabwa tsiku ndi tsiku, ndipo pomwe pali chinyezi ndi pomwe chiswe chimayambira. Mangani bafa la njerwa mamita ochepa kuchokera pakhonde, madzi ake apite m'dzenje la miyala lozunguliridwa ndi nthochi, kupatula kuchigwa komwe nthochi zingaitane njovu.

Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Cha maenje awiri ndi chabwino: limodzi likadzaza mumalitseka chaka chathunthu mukugwiritsa linalo, kenako mumafukula manyowa a mitengo. Muzithira phulusa la nkhuni wamba mukatha. Paipi yotulutsa fungo ikhale ya mamilimita 110, yakuda, yopitirira denga ndi theka la mita, pamwamba yomangidwa sefa. M'kati mukhale mdima pang'ono kuti ntchentche zizithamangira kuwala kwa m'paipi n'kufera momwemo.

Khitchini ikhale mamita 8 mpaka 10 kuchokera panyumba, mbali imene mphepo imapita. Kuno mphepo ya chilimwe imachokera kwambiri kum'mawa ndi kummwera chakum'mawa, ndiye khitchini ikhale chakumadzulo. Pansi pake pakhale simenti kapena dothi lotsendera.

Moto wa m'tchire

Kuyambira Julayi mpaka Okutobala tchire limayaka, nthawi zambiri ndi moto wa osaka mbewa kapena wa otentha mapesi m'minda. Lambulani mamita 10 kuzungulira nyumba, pasakhale udzu kapena masamba ouma, ndipo nthambi za m'munsi za mitengo yotsala muzisadze mpaka mamita 2. Patali pang'ono, m'malire a malo anu, palani mseu wa mamita 5. Udzu wa kunja kwake muutenthe mu Meyi kapena Juni usanaumitsitse, madzulo mphepo itagona, muli anthu angapo okhala ndi nthambi zaziwisi ndi madzi, mutadziwitsa mfumu ya mudzi ndi oyandikana nawo. Moto wa nthawi imeneyi umayenda pansi ndipo supha mitengo, pamene wa Okutobala umakwera mpaka kunsonga. Magatala achotsedwe masamba, chifukwa mbaliwali zouluka zimagwera momwemo.

Kusamalira

Mwezi uliwonse, makamaka mvula ikayamba ndipo inswa zikutuluka, wina akwawe pansi pa nyumba ndi tochi ndi sikuludiraiva. Ayang'ane chipilala chilichonse mbali zinayi, kunsi kwa chipewa, mapaipi ndi masitepe. Akapeza kanjira ka dothi, akaphwanye, atsate komwe kachokera, athire mankhwala a chiswe pamenepo motsata malangizo a pabotolo, kenako abwerenso pakatha sabata. Agogode mitanda: yabwino imalira gwa, yodyeka imalira ngati mphako. Ufa wa thabwa wogwera pansi pa timabowo ting'onoting'ono ukusonyeza kafumbwe, ndipo thabwalo lipakidwe mankhwala kapena lisinthidwe.

Chaka choyamba matabwa amanyalabe, ndiye mu Seputembala mangitsani mabawuti onse ndi masikuluwu a malata. Mafuta kapena penti ya kunja ibwerezedwe zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, kuyambira khoma la kumadzulo. Thanki itsukidwe mu Okutobala ili pafupi kuphwa.

Nyumba yotere imakhala yopanda mwini masabata ambiri, choncho pezani mlonda wa m'mudzi wapafupi, wodziwika kwa mfumu, ndipo mumuonetse ntchito zonsezi ndi manja, osati kungomuuza. Pochoka zimitsani inverter koma musiye mapanelo ndi chowongolera zili zolumikizidwa ku batire, tsekani pompi wa thanki, tulutsani botolo la gasi mulisunge kukhitchini, chakudya chonse chilowe m'zitini zotseka, ndipo matiresi muwaimike kuti mphepo iziwadutsa.